Ndimuphe kapena angosamuka? Yankho kwa mayi amene akulemba buku la ana

Pepani anthuni kuti ndakhala chete masabata angapo, zochita zinangondipanikiza, koma maimelo anu ndimawerenga ndithu olo ndisayankhe msanga. Lero ndasankhapo imodzi yomwe yakhala ikundizungulira mmutu kuyambira tsiku lomwe inafika. Yachokera kwa mayi wina, mphunzitsi, wandipempha kuti dzina lake ndisalitchule nde ndizingoti achemwali. Ndaidula pang'ono chifukwa inali yaitali:

"Ndikulemba buku langa loyamba, la ana a zaka 9 mpaka 12. Muli atsikana awiri okondana kwambiri, Tadala ndi Mphatso, ndipo mmene ndinaliganizira Mphatso amamwalira pa chaputala 8. Ndinapatsa anzanga awiri kuti awerenge. Wina akuti imfa ndi yolemera kwa ana, ndingomusamutsa mtsikanayo apite tauni ina. Wina akuti imfayo ikhale koma ndiike phunziro kumapeto kuti ana atolepo kanthu. Panopa ndangoima, sindikulembanso. Ndimuphe kapena angosamuka? Nanga anthu ena a m'nkhanimo, makolo, aphunzitsi, maneba, nditani nawo poti angoima ngati mitengo?"

Achemwali, choyamba zikomo pondikhulupirira, kupatsa munthu wosamudziwa zolemba zosamaliza zili ngati kulandira mlendo usanasese m'nyumba. Machaputala 9 omwe munatumiza aja ndawerenga kawiri, ndipo poti mwafunsa nokha ndikuuzani mosapsatira. Anzanu onse awiri akuloza pa chaputala 8 koma vuto silili pamenepo ayi. Lili m'machaputala 7 oyambirirawo komanso pa zomwe zikubwera imfayo itachitika. Ine nditafika pomwe Mphatso akumwalira sindinalire, ndipo sikuti ndine wouma mtima, ine ndimalira ngakhale ndi katuni mpaka ana kunyumba amachita kundiseka kkk. Sindinalire chifukwa Mphatsoyo sindinamudziwe. Mwamulemba ngati mngelo. Amagawira anzake chilichonse, sakwiya, m'kalasi ndi nambala wani, amathandiza agogo kuoloka msewu, nde pofika peji 5 ndinali nditadziwa kale kuti mwana uyu safika kumapeto kwa buku. Ana amanunkhiza zimenezi msanga kuposa ife, akaona mwana wabwino mopitirira muyeso amadziwa kuti awa ndi akuluakulu akufuna kutiphunzitsa zinazake, basi amayamba kuwerenga ndi diso limodzi.

Tiyambe ndi mnzanu woyamba uja, woti imfa ndi yolemera. Cholinga chake ndi chabwino, akufuna kuteteza ana, koma akuwateteza ku chinthu chomwe akuchidziwa kale. Mu 1948 katswiri wina wa maganizo a anthu, Maria Nagy, anafalitsa zomwe anapeza atacheza ndi ana a ku Budapest za mmene amaionera imfa. Ang'onoang'ono osakwana zaka 5 ankaiona ngati tulo kapena ulendo, munthu wapita koma abwera. Okulirapo ena ankaiona ngati munthu winawake amene amabwera kudzakutenga, woti mwina ukhoza kumuthawa. Pofika zaka 9 kapena 10 ankadziwa kuti ndi zosabwerera ndipo palibe wozemba. Mu 1984 Mark Speece ndi Sandor Brent anaunikanso kafukufuku wambiri wa nkhaniyi ndipo anapeza kuti ana ambiri amazimvetsa msanga kuposa pamenepo, pakati pa zaka 5 ndi 7. Nde owerenga anu a zaka 9 mpaka 12 wa simukuwaululira chinsinsi chilichonse. Ena agogo awo anamwalira, ena galu wawo, ena mnzawo weniweni wa pa desiki imodzi. Chomwe alibe ndi munthu wokamba naye, chifukwa akangoyamba kufunsa akuluakulufe timasintha nkhani, tiye ukasewere panja.

Komanso si inu oyamba. Charlotte's Web ya E. B. White inatuluka mu 1952 ndipo imayamba ndi bambo atanyamula nkhwangwa kukapha kamwana ka nkhumba, peji yoyamba yeniyeni, kenako kumapeto kangaude Charlotte yemwe anapulumutsa nkhumbayo amafa yekhayekha pa bwalo la chionetsero anthu onse atapita. Ana akhala akuliwerenga zaka zoposa 70 tsopano, amalira, mawa lake nkukupemphanso kuti muwawerengere. Bridge to Terabithia ya Katherine Paterson inatuluka mu 1977 ndipo inapata mendulo ya Newbery, mphoto ya mabuku a ana, mu 1978, ngakhale kuti ku America makolo ena akhala akulimbana nalo kuti lichotsedwe m'masukulu ndi m'malaibulale, nde mnzanuyo sali yekha. Koma pali kankhani ka buku limeneli komwe ndikufuna mukamve bwino chifukwa ndi kanu ndendende. Paterson analilemba mnzake wapamtima wa mwana wake David, kamtsikana ka zaka 8, kataombedwa ndi mphenzi mu 1974. Atatumiza zolemba zake zoyamba, mkonzi wake Virginia Buckley anamufunsa ngati nkhaniyi ndi ya imfa kapena ya ubwenzi. Paterson mpaka nthawi imeneyo ankaganiza kuti ndi ya imfa, koma atafunsidwa anazindikira kuti ndi ya ubwenzi, ndipo anabwerera kukalilembanso kuti ubwenziwo uoneke. Funso lomwelo ndikukupatsani inu. Panopa buku lanu ndi la imfa yomwe yabwereka ubwenzi kuti ipeze podutsira.

Nde ubwenzi wa ana umaoneka bwanji papepala? Sikuti muzilemba kuti "ankakondana kwambiri ngati pachibale", chiganizo chimenechi ndachiwerenga kanayi m'machaputala anu ndipo sichinandionetse kanthu. Ana sauzana kuti ndimakukonda mnzanga. Amakhala ndi malo awo omwe wina sakuwadziwa, mayina achipongwe omwe anapatsa aphunzitsi, kaluzu komwe amaitanirana, malamulo a masewera omwe anapeka okha ndipo amasintha pomwe mmodzi akuluza. Amakangana pa zinthu zopanda mutu, kusalankhulana masiku awiri, tsiku lachitatu nkungoyambiranso opanda wopepesa. Mmodzi amalamula mnzake nthawi zonse ndipo winayo zimamuwawa koma sanena. Pa chaputala 3 muli ndi kamzere kamodzi komwe Mphatso akubera pa masewera a dzina la nyama kenako nkukana kwamtuwagalu, kamzere kamodzi kokha kenako munathawapo msanga ngati mwachita manyazi, komatu pamenepo mpomwe ndinamuona ali moyo koyamba. Bwererani pamenepo. Mpatseni zolakwika, akhale wakamwa, wabodza pang'ono, wokonda kudzionetsera. Mu A Taste of Blackberries ya Doris Buchanan Smith, ya 1973, mnyamata yemwe amamwalira, Jamie, ndi wamatama wokonda masewero, moti tsiku lomwe njuchi zamuluma ndipo wagwa pansi akuphupha mnzakeyo akuganiza kuti wayambanso zisudzo zake nkumusiya pomwepo. Mwaona mmene khalidwe lotopetsa lija lasandukira mpeni? Mwana wangwiro sasiya bala lotere.

Tsopano za kusamuka. Mnzanuyo akuganiza kuti kusamuka ndi kopepuka, ngati ndi imfa yothira madzi. Ine ndikukana, ndipo apa ndikamba zanga. Ndili ndi zaka 10 ndinali ndi mnzanga yemwe tinkakhala desiki imodzi zaka zitatu. Titatsekera sukulu tinasiyana ngati masiku onse, tionana, ine nditamubwereka rula yake yomwe inali yothyoka kukona ndipo anailemba dzina ndi kampasi. Potsegulira sanabwere. Tsiku loyamba ndinamusungira malo, ndinaika chikwama pambali panga kuti wina asakhalepo. Aphunzitsi poitana rejisitala anafika pa dzina lake, anaima pang'ono, kenako ndinaona akukoka mzere ndi bolopeni yofiira kuyambira kumanzere mpaka kumapeto kwa peji, nkupitiriza dzina lotsatira. Basi. Makolo ake anali atasamuka pa holide, kaya kupita kuti, nthawi imeneyo kunalibe zoti mupatsana manambala a foni. Palibe anandipepesa, pakuti panalibe maliro, ndipo nditafunsa kunyumba anangoti upeza anzako ena. Rula ija ndinaisunga mpaka ku sekondale osaigwiritsa ntchito. Pauline Boss, katswiri wa za mabanja wa ku America, anapatsa dzina chisoni chamtunduwu, ambiguous loss, kutaya munthu mosadziwika bwino, sanafe koma palibe, nde sudziwa ngati ulire kapena udikire. Nde mukafuna kumusamutsa Mphatso musamutseni, buku labwino likhoza kutulukapo, koma dziwani kuti ndi buku lina, lokhala ndi ululu wake, osati njira yachidule yozembera misozi. Ndipo poti inu nkhaniyi inakubwererani ndi imfa kuyambira pachiyambi, ine ndikuti isiyeni momwemo.

Chomwe chinandikhumudwitsa kwambiri ndi chaputala 9, ndipo ndi pomwe pali chuma chomwe mwachipondaponda osachiona. Mwalemba Tadala atakhala kutsogolo pa maliro, aliyense akubwera kudzamugwira dzanja, ngakhale mayi ake a Mphatso akusiya kulira kwawo nkumutonthoza iyeyo. Achemwali, zinachitikapo kuti zimenezi? Mwana amene wataya mnzake alibe malo pa maliro. Anthu amapepesa mayi, bambo, achimwene ndi achemwali a malemu, azakhali ochokera kutali omwe mwanayo anangowaonapo kawiri moyo wake wonse. Mnzake wapamtima, yemwe amadziwa chomwe malemuyo ankaopa usiku ndi mnyamata yemwe ankamusirira m'kalasi, waima kumbuyo uko akusuzumira pakati pa misana ya akuluakulu, mwinanso amuuza kuti atsale kunyumba ana sapita kotere. Katswiri wina, Kenneth Doka, mu 1989 anachitcha disenfranchised grief, chisoni chomwe anthu sakuchivomereza kuti ndi chako, ulibe chilolezo cholira. Buku lanu lili pamenepo. Tadala si wachibale, palibe dzina la chomwe iye ali. Mkazi wotaya mwamuna ali ndi dzina, mwana wotaya makolo ali ndi dzina, nanga mwana wotaya mnzake timamutcha ndani? Mulembeni ataima kumbuyoko, ndipo owerenga anu ambiri adzadziona okha.

Kenako pali kudziimba mlandu, komwe m'zolemba zanu mulibiretu. Ana amakhulupirira kuti maganizo awo ndi mawu awo ali ndi mphamvu, ndinamuuza kuti ndisadzakuonenso nde taonani. Mu Terabithia muja mnyamata Jess watengedwa ndi aphunzitsi ake a nyimbo kupita ku Washington kukaona zojambula, galimoto itapita kale patali mpomwe zikumubwerera zoti akanatha kupempha kuti apite ndi mnzake wapamtima Leslie, koma mumtima akukondwa kukhala yekha ndi aphunzitsiwo. Tsiku lomwelo Leslie akupita yekha kumalo awo aja, chingwe chomwe ankaolokera kamtsinje chikuduka. Palibe amene akumuloza chala Jess, iye mwini ndi amene akudziloza. Atsikana anu sanakanganepo olo kamodzi m'machaputala 7, nde Tadala alibe chonyamula kupatula chisoni choyera bwino chochapidwa ndi kusita. Akanganitseni. Pakhale kanthu kakang'ono kopusa, kaya ndi chibangili chobwerekana, kaya Tadala anasankha kukhala ndi gulu lina pa buleki, ndipo kasathe, imfa iwapeze asanagwirizane. Ndipo kenako pakhale wamkulu mmodzi amene adzamve zimenezi kuchokera pakamwa pa Tadala nkumuuza momveka kuti si iwe unachititsa. Mwana amene akuwerenga ali ndi katundu wofanana akufunika kumva mawu amenewo, olo kuchokera kwa munthu wa m'buku.

Chinanso, Tadala wanu akulira kuyambira peji yoyamba ya chaputala 9 mpaka yomaliza, misozi ili mbwembwembwe osapuma. Ana salira choncho. Amalowa ndi kutuluka, pano akulira, pakapita mphindi khumi akuthamangitsana ndi anzawo panja akuseka, kenako usiku akukodzera pogona zomwe anasiya kalekale, kapena mmimba mukuwawa tsiku lililonse nthawi yopita ku sukulu, kapena wamenya mng'ono wake popanda chifukwa. Akuluakulu amaona kusekako nkumati aaa waiwala kale, ana savutika. Jess mmawa wotsatira akudzuka nkudya chakudya chammawa mokoma ngati palibe chachitika mpaka mlongo wake akumunena kuti sizikumukhudza, ndipo patsogolo pake akumenya kamlongo kake May Belle kumaso. Ndimakumbukira nditawerenga pamenepo ndinatseka buku kaye, chifukwa zinali zoona mopweteka. Mulole Tadala aseke pa nthawi yolakwika kenako adzide chifukwa chosekacho. Mulole akwiyire Mphatso yemweyo pomusiya.

Pang'ono za mawu. Timakonda kunena kuti watisiya, wagona, wapita, ndipo pakati pa akuluakulu ndi ulemu wabwino. Koma kwa kamwana ka zaka 4 wagona ndi wagona, adzuka, ndipo ena amayamba kuopa tulo. M'buku izi ndi mphatso kwa wolemba. Mwanena kuti Mphatso ali ndi kamchimwene kakang'ono komwe kanangotchulidwa pa chaputala 2 kenako nkusowa. Kabwezeni. Wamkulu wina akauze kuti achemwali ako apita, nde iko kazifunsa Tadala tsiku lililonse pa geti kuti abwera liti, mpaka tsiku lina Tadala yemweyo ndi amene akutchula liwu lenilenilo koyamba ndi pakamwa pake, wamwalira, sabweranso. Imfa yeniyeniyo musaionetse mwatsatanetsatane, sizofunika. Leslie sitimuona akugwa, timamva limodzi ndi Jess atabwerako. Ya Charlotte ndi mizere yochepa chabe. Masamba anu anayi a kuchipatala aja, madiripi ndi mamashini, dulani atsale theka la peji.

Tsopano funso lanu lomaliza, la anthu oima ngati mitengo, lomwe kwa ine ndi lalikulu kuposa loyamba lija. Angoima chifukwa mwawasungira ntchito imodzi yokha, yodzalankhula mawu anzeru imfa ikachitika. Ndinawerenga, pa chaputala 9 pali malaliki atatu, a amayi, a aphunzitsi, ndi a agogo ena omwe sitinawaonepo nkale lonse angotulukira ndi mwambi m'manja. Onse akunena zofanana ndipo onse akunena zoona, nchifukwa chake palibe amene ndikumukhulupirira. Timati maliro nkulirana, koma kulirana kwenikweni sikukhala kwadongosolo choncho. Anthu amabwera ndi manja awiri akumanzere. Wina amanena zolakwika, bola iwe uli moyo. Wina amakuzemba pa msewu chifukwa sakudziwa choti anene. Wina amene sunamuganizireko amangochita kanthu kakang'ono osalankhula. Bambo ake a Jess buku lonse ndi munthu wouma, wotopa, wosayamikira zojambula za mwana wake, koma usiku womwe Jess wathawa akuthamanga mumsewu, bamboyo akumutsatira pa galimoto nkumunyamula ngati khanda. Mrs. Myers, mphunzitsi yemwe ana awiri aja ankamuseka kumbali, akumuitanira panja pa kalasi nkumuuza za imfa ya amuna awo ndi mmene anthu ankawauzira kuti aiwale pomwe iwo sankafuna kuiwala. Zimagwira mtima chifukwa anthu amenewa tinawadziwa kale ngati ovuta, ndipo sanasinthe kukhala angelo, angotsegula kawindo kamodzi.

Nde ntchito yanu ili kumayambiriro. Aneba aja amene pa chaputala 2 akukalipira atsikanawa chifukwa chodula maluwa awo, musawataye, ndi golide ameneyo. Azikalipa chaputala chilichonse. Kenako Mphatso atamwalira, tsiku lina Tadala akudutsa yekha, iwo ali pa mpanda, akumuyang'ana, osakalipa, ndipo kusakalipako kumupweteke Tadala kuposa kukalipa. Zoti adzamupatsa duwa kapena ayi muona nokha, ine ndikanakonda asamupatse, angomufunsa mwaukali kuti mnzako wakamwa uja anali ndani dzina lake. Aliyense wa anthu anuwa mpatseni chake chomwe chikumudya, chosakhudzana ndi Tadala. Mu Because of Winn-Dixie ya Kate DiCamillo, ya 2000, mtsikana Opal mayi ake anamuthawa ali wamng'ono ndipo wafika m'tauni yachilendo ku Florida, pali kamtsikana kena Amanda kokhala ndi nkhope yokwinya nthawi zonse komwe Opal sakukakonda, mpaka atamva kuti kamchimwene kake ka zaka 5 kanamira m'madzi chaka chapitacho. Mayi wokalamba Gloria Dump ali ndi mtengo womwe anapachikamo mabotolo chifukwa cha zolakwa zake zakale. Palibe amene anabwera m'nkhaniyo kudzatonthoza Opal, aliyense ananyamula wake mtolo, ndipo mwanayo akuzindikira pang'onopang'ono kuti si iye yekha. Ngakhale khoswe Templeton wa mu Charlotte's Web, wadyera wosaganizira mnzake, ndi amene akukwera kukadula thumba la mazira 514 a Charlotte kuti Wilbur, nkhumba ija, apite nalo kwawo, ndipo akuchita zimenezo atalonjezedwa kuti azidya koyamba mu chodyera cha Wilbur. Sanatembenuke mtima olo pang'ono koma popanda iye mazira aja akanatsala. Anthu otizungulira ndi otero, ena amathandiza ali ndi zifukwa zawo.

Ndipo musaiwale mayi ake a Mphatso. M'malo moti azitonthoza Tadala, taganizani mayi amene sakutha kumuyang'ana, chifukwa Tadala akukula, yunifolomu ikumuchepera, wayamba kalasi ina, pomwe wawo waima pa zaka 11 mpaka kalekale. Tadala aziganiza kuti amudana naye chifukwa cha mkangano uja. Pamene awiriwa adzakhale pansi limodzi koyamba, kaya kukhitchini kaya pakhonde, osadziwa choyambira, pamenepo ndi pachimake pa buku lanu, osati kuchipatala kuja.

Mnzanu wachiwiri, wa phunziro kumapeto. Ndikumumvetsa, ndinu aphunzitsi nonse ndipo dzanja limayabwa kufuna kulemba pa bolodi kuti lero taphunzira chakuti. Koma taganizani mwana amene mnzake anamwaliradi chaka chatha, wawerenga buku lanu, wafika kumapeto nkupeza kuti imfayo inali ndi cholinga chophunzitsa Tadala kuyamikira anzake. Ndiye kuti mnzake uja anafa kuti iye aphunzire khalidwe? Ndi chipongwe chimenecho, olo chikhale chaulemu. Mphatso asafe kuti Tadala akhale mwana wabwino. Afe chifukwa anadwala, basi, ngati mmene zimakhalira. Chenjeraninso ndi masitepe asanu a chisoni omwe anthu amakonda kugawana pa Facebook, kukana, mkwiyo, kunenerera, kukhumudwa, kuvomereza. Dokotala Elisabeth Kübler-Ross anawalemba mu 1969 kuchokera pa kucheza ndi odwala omwe anali pafupi kumwalira, sanali mapu a anamfedwa, ndipo anthu sayenda mwa ndondomeko imeneyo. Ndanena izi chifukwa mu pulani yomwe munatumiza ija ndaona machaputala 10 mpaka 14 mwawagawa ndendende motero, chaputala chimodzi sitepe imodzi. Fufutani. Mu 1996 Dennis Klass, Phyllis Silverman ndi Steven Nickman anatulutsa buku lotsutsa ganizo lakale loti kuchira ndi kumuiwala womwalirayo, anaonetsa kuti anthu ambiri, ana omwe, amapitiriza ubale ndi malemu, kumulankhula mumtima, kusunga kanthu kake, kudzifunsa kuti akanati chani, ndipo sikudwala kumeneko. Tadala akhoza kufika peji yomaliza akumulankhulabe Mphatso, akukanganabe naye.

Pulani yanuyo ikutha ndi mtsikana watsopano wofika m'kalasi nkukhala pa desiki ya Mphatso, Tadala nkumwetulira. Chonde ayi. Mnzako si batire yoti ikatha uika ina. White anasiya ana atatu a Charlotte m'khola muja, Joy, Aranea ndi Nellie, ndipo Wilbur anawakonda, koma bukulo limanena poyera kuti palibe anatenga malo a mayi wawo mumtima mwake. Jess akumanga mlatho ndi matabwa omwe makolo a Leslie anamusiyira nkuolotsa May Belle, kamlongo komwe kale ankakaona ngati kosokoneza, sikuti kakhala Leslie wachiwiri, koma iye tsopano akuchitira wina zomwe Leslie anamuchitira. Ngati mtsikana watsopanoyo mukumufunadi abwere msanga, pa chaputala 10, ndipo Tadala amude kaye chifukwa chokhala pa malo a eni ake, ngati mmene ine ndinamudera mnyamata wosalakwa yemwe aphunzitsi anamuika pambali panga sabata yachiwiri, ndinamujambulira mzere pa desiki ndi choko kuti chigongono chake chisadutse.

Pomwe ndimagwirizana ndi mnzanu woyamba uja ndi apa pokha: buku la akuluakulu likhoza kumusiya munthu yekha mumdima nkutseka chikuto, la ana ine sindingalole. Sikuti mathero akhale osangalatsa, Mphatso sadzuka, koma pa peji yomaliza pakhale wina pafupi ndi Tadala, kaya ndi kamchimwene kaja, kaya aneba okalipa aja. Mwana amawerenga buku lotere nthawi zambiri ali yekha pabedi usiku, ndipo akalitseka ayenera kutha kugona. Likadzatuluka, kuchikuto kumbuyo lembani moona kuti muli imfa, kholo la mwana amene wangotaya wina kumene lisankhe lokha nthawi yake, ena amafuna buku lotere sabata yomweyo ena patapita chaka.

Nde achemwali chaputala 8 musachikhudze kaye, chisiyeni momwe chilili. Bwererani pa chaputala 3 paja Mphatso akubera masewera, mulembe tsiku lonselo kuyambira mmawa, mkangano wake, amene anayamba kulankhula mnzake ndi zomwe ananena. Kenako mupatse ana awiri kapena atatu a m'kalasi mwanu awerenge, osati anzanu akuluakulu aja, ndipo musawafunse kuti mwaphunzirapo chani, muwafunse kuti pa awiriwa mungakonde kukhala desiki imodzi ndi ndani. Akati Mphatso, olo ndi wabodza, nditumizireni machaputalawo ndidzawerengenso mpaka pa 8 tione ngati sindilira.